Zidindo za pa .303 yanga: anapanga ndani zitsulo zimenezi?

Mdzukulu wa Keyala, Leeds · Loweruka 19:42

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi pempho kwa inu amene mumadziwa za mfuti zakale za asilikali. Agogo anga aamuna anali a Keyala (KAR, gulu la asilikali la King's African Rifles), anakamenya nkhondo ku Burma, ndipo kuyambira ndili mwana ku Zomba ndinkalakalaka nditagwirako mfuti yonga imene iwo ankanyamula. Sabata yatha ndagula Lee-Enfield No.4 yophedwa kale, yoti singawombenso, ndipo satifiketi yake ya ku Birmingham ndili nayo. Wogulitsa anandiuza kuti ndi ya Savage yonse, kuyambira kumpope mpaka kuthako. Anandiwonjezeranso kabokosi ka zitsulo zina, ndi kachitsulo kamkuwa kozungulira ngati ndalama kolembedwa KAR, kamene ndinalipira padera.

Nditafika nayo kunyumba ndayamba kuona zilembo zosiyanasiyana. Pamwamba kumanzere palembedwa U.S. PROPERTY. M'mbali muli S wamakonamakona, koma zilembo zina anazikhwatcha ndipo pansi pake analemba No4 MK1/3 (F) FTR 53. Pa saiti yakumbuyo pali N67. Pa kachitsulo komangira thabwa chakutsogolo pali L ndi B zolowana. Pamwamba pa thako pali S wina. Kodi andinamiza? Mtima wanga suli m'malo.

Madala a ku Benoni · Loweruka 20:05

Khazikani mtima pansi mwana wanga, tiyambe ndi zimene zili zoona. Thupi la mfuti yanu ndi la Savage ndithu. U.S. PROPERTY ndi S wamakonayo ndi za fakitale ya Savage-Stevens ku Chicopee Falls, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Anapanga mfuti zimenezi kuyambira 1941 mpaka 1944, zoposa miliyoni imodzi, ndipo mawu a U.S. PROPERTY anawadinda chifukwa Amereka ankati akungobwereketsa Angelezi pansi pa pangano la Lend-Lease. Asilikali a America sankazigwiritsa ntchito kunkhondo, zinkangowoloka nyanja.

Taonani nambala ya mfutiyo pa chitsulo chimene chimalumikiza thako ndi thupi, kumanzere. Ngati ndi Savage, pakati pa manambala pakhala C. Ikanakhala ya ku Canada pakanakhala L. Koma musaiponye yonse pagulu pano, ingotiuzani chilembocho.

Mdzukulu wa Keyala, Leeds · Loweruka 20:11

C alipo madala. Manambala awiri, kenako C, kenako manambala anayi. Pa chigwiriro cha bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope, palinso nambala yomweyo koma yolembedwa mosiyana, ngati anachita kukanda ndi singano.

Madala a ku Benoni · Loweruka 20:31

Eya, ndiye nkhani yonse ili pa mzere mwatiwerengera uja. FTR ndi chidule cha Factory Thorough Repair, kutanthauza kuti mfuti inabwerera kufakitale n'kukaphwasulidwa yonse. F uja ndi Fazakerley, fakitale ya boma ku Liverpool, ndipo 53 ndi 1953. Kumeneko sankasamala kuti chitsulo ichi chinachokera ku America kapena ku Canada. Ankaphwasula mfuti zambirimbiri, zitsulo zabwino kuziika m'mabokosi mwake, zotha kutaya, kenako n'kumanganso ndi chilichonse chimene chapimidwa n'kupezeka kuti chili bwino. Nambala yokandidwa mwaionayo anailemba ndi cholembera chamagetsi, kuti bolt imeneyo idziwike kuti aipimira mfuti imeneyi.

MK1/3 ija ikutiuzanso china. Mfuti yanu inabadwa ili Mk I*, mtundu umene ankapanga Savage ndi Long Branch ya ku Canada okha. Mu 1949 kunabwera Mk 2, imene thiriga yake imakoloweka ku thupi la mfuti osati ku kachitsulo koitchinga, chifukwa thabwa likafufuma ndi chinyezi thiriga yakale ija inkasintha kakokedwe. Mk I ikasinthidwa motero inkatchedwa Mk 1/2, Mk I* inkatchedwa Mk 1/3.

Choncho kunena kuti ndi ya Savage yonse si zoona. Koma kunenanso kuti ndi yabodza si zoona. Ndi mfuti ya boma imene boma lomwe linaikonza.

Nachisale wa ku Glasgow · Loweruka 20:48

Achimwene, N67 ija ndisiyireni ine chifukwa ndi ya kwathu kuno. Imeneyo ndi Singer ya ku Clydebank. Inde, Singer yomweyo ya makina osokera amene atelala amapalasa pakhonde la sitolo kumudzi. Nthawi ya nkhondo fakitale imeneyo inkapanga zida, ndipo masaiti a No.4 okhala ndi kasikuluwu kopotokola pamwamba anapanga ambiri moti anthu amangowatcha saiti ya Singer ngakhale atapangidwa kwina. Zina mupeza alemba SM m'malo mwa N67. Fakitale inatsekedwa mu 1980 koma siteshoni ya sitima idakatchedwabe Singer, ndimadutsapo popita kuntchito. Amayi anga anatiphunzitsa sukulu ndi makina a Singer, ndiye tsiku limene ndinamva kuti kampani yomweyo inkasula mabeneti ndinakhala chete kanthawi.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba · Loweruka 21:15

Achemwali afotokoza bwino. Ndingowonjezera chifukwa chake analemba N67 osati dzina lenileni. Ndege za Ajeremani zinkaphulitsa mafakitale, ndiye boma la Britain linamwaza ntchito kwa makampani ambirimbiri ang'onoang'ono ndipo linawapatsa manambala obisa dzina. N ndi kumpoto, M ndi pakati, S ndi kummwera. M47C ndi kampani ya BSA (Birmingham Small Arms) ya ku Shirley kufupi ndi Birmingham, M47A ndi BSA ya ku Small Heath. S51 pansi pa thako ndi Holland & Holland a ku London, amene ankalandira mfuti zosankhidwa chifukwa cholunjika bwino n'kuziika magalasi oonera patali. Mukaona S51 pa thabwa muzisamala kwambiri, chifukwa mtengo wa mfuti zimenezo ndi wokwera ndipo achinyengo amadziwa zimenezo.

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti fakitale ya Enfield, imene dzina lake lili pa mfutiyi, siinapange No.4 zambiri za nthawi ya nkhondo. Inatanganidwa ndi mfuti zachiwaya za Bren. No.4 za ku England zinachokera ku Fazakerley, Maltby ndi Shirley, ndipo ngakhale zilembo zitafufutika mutha kuzindikira ndi nambala yoyamba pambuyo pa chilembo: 1 ndi Maltby, 2 ndi Fazakerley, 3 ndi Shirley.

Wa ku Toronto · Loweruka 22:02

L ndi B zolowana ndi Long Branch, kuno kwathu kumadzulo kwa Toronto m'mbali mwa nyanja ya Ontario. Nyumba imodzi ya fakitaleyo idakalipo, pano amachitiramo zionetsero za luso. Ogwira ntchito ambiri kumeneko anali azimayi. Mukaona kamuvi kali m'kati mwa C, chimenecho ndi chidindo cha boma la Canada.

Mdzukulu wa Keyala, Leeds · Loweruka 22:20

Zikomo kwambiri nonse. Ndiye ndawerenga America, Liverpool, Scotland ndi Canada pa mfuti imodzi. Koma thako lokha ndi la Savage eti, popeza pali S?

Kalipentala wa ku Ndirande · Lamlungu 06:37

Achimwene pamenepo ndiye pamene ambiri amagwera. S wa pamwamba pa thako, pafupi ndi chitsulo chotsamira paphewa, ndi saizi. Mathako ankabwera mosiyana kutalika monga nsapato: S lalifupi, L lalitali, B lalifupi kwambiri, ndipo lapakatikati ndi N kapena lopanda chilembo. Ndiye S ameneyo si Savage, ndipo L pamalo amenewo si Long Branch. S wa Savage ndi wamakona, wowongoka ngati 5, nthawi zina ali m'kabokosi.

Ine mfuti ndilibe koma matabwa ndimawadziwa, ndipo ndinakonzerapo mzungu wina wa kumunda wa tiyi thako losweka. Taonani thabwa lanu padzuwa. Ngati ndi loyererako ndipo lili ndi timadontho ting'onoting'ono ngati nthanga za chitowe, ndi beech, amene Angelezi ankagwiritsa ntchito kwambiri nkhondo itatha. Walnut ndi woderako, mizere yake yotalika. Savage ankakonda birch wopaka utoto woderako.

Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: sandipepala ayi, vanishi ayi. Zidindo za pathabwa n'zosazama, mukangopala kawiri zapita, ndipo palibe kalipentala angazibwezere. Kansalu ndi mafuta a linseed pang'ono, basi.

Mdzukulu wa Keyala, Leeds · Lamlungu 09:10

Timadontho tilipo bambo, ndi beech. Sandipepala ndinali nditagula kale, ndamubweza m'kabati. M'kabokosi muja muli thabwa lakutsogolo lokhala ndi S wamakona, komanso saiti yaing'ono yongotembenuza yolembedwa 300 ndi 600. Ndikuganiza zochotsa za Fazakerley ndi Singer n'kuikamo zimenezi kuti ibwerere mmene inatulukira ku America. Mukuti bwanji?

Wosonkhetsa wa ku Pretoria · Lamlungu 09:44

Ine ndikuti chitani. Tisanamizane, pamsika mfuti imene zitsulo zake zonse ndi za fakitale imodzi imadula kuposa yosakaniza. Saiti ya 300 ndi 600 ndi imene Savage zambiri zinatuluka nayo. Ndimadziwa anthu amene amatha zaka akusaka kachitsulo kamodzi kokhala ndi S kuti amalize mfuti yawo, ndipo ikatha imakongola.

Madala a ku Benoni · Lamlungu 10:26

Achimwene a ku Pretoria, pano tisiyana. Imene imadula ndi mfuti imene sinaphwasulidwepo chitulukireni kufakitale, osati imene munthu waimanga dzulo ndi zitsulo zotola uku ndi uku. Ndipo pa iyi palembedwa kale FTR 53, zilembo zimenezo sizichoka. Aliyense wodziwa akaona FTR kenako n'kuona zitsulo zonse zili S, adziwa kuti wina waseweretsapo sikuludalaiva. Mukhala mwachotsa zoona za 1953 n'kuikapo zongoyerekeza za 1942.

Komanso thabwa limenelo sililowa. Thabwa la Mk I ndi Mk I* kumbuyo kwake ndi lotseka, lili ndi kachitsulo kopingasa kolimbitsa. La Mk 2 ndi 1/3 ndi long'ambika kumbuyo kuti thiriga ipeze malo, ndipo limamangidwa ndi sikuluwu yopingasa. Kuti lilowe muyenera kulisema, ndiye mwaononga thabwa labwino la Savage limene wina akulisowa.

Ine ndili ndi mfuti zisanu ndi ziwiri pa laisensi yanga ya osonkhetsa, ndipo imene ndimaikonda koposa ndi SMLE ya BSA ya 1918, Lee-Enfield yakale imene inalipo No.4 isanabwere. Mpope wake anausintha, thako ndi lina, pamwamba pali U wokhala ndi kamuvi m'kati, chidindo cha asilikali a Union of South Africa. Ndikaigwira ndimaona manja onse amene anaikonzapo. Msilikali sankafunsa kuti kachitsulo aka n'ka fakitale iti. Ankafuna kuti ikakokedwa ilire.

Wosonkhetsa wa ku Pretoria · Lamlungu 10:58

Za thabwa mwandigonjetsa madala, ndinaiwala kuti ndi 1/3. Koma pa mfuti yopanda FTR imene wina anangoisintha saiti kunyumba kwake, kubwezeretsa choyenera si tchimo. Pamenepo sindisuntha.

Madala a ku Benoni · Lamlungu 11:03

Pamenepo tikugwirizana. Bola pogulitsa muzinena kuti munasintha.

Mkulu wa Gulu · Lamlungu 11:30

Ndilowererepo pang'ono poti pagulu pano pali anthu a m'maiko osiyana. Mfuti ya mnzathuyu ndi yophedwa ndipo ili ndi pepala lake. Zimene anaziwotcherera musaziguse. Ku Britain mpope, bolt ndi thupi la mfuti yamoyo zimafuna laisensi ngakhale zili pazokhapazokha, pamene thabwa, saiti ndi lamba ayi. Ku South Africa wosonkhetsa amayenera kukhala membala wa bungwe lovomerezeka pansi pa lamulo la mfuti la chaka cha 2000. Kumudzi nakonso mfuti yopanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu, ngakhale ikhale ya malemu agogo. Ndipo wina asayerekeze kuika chitsulo cha mfuti m'chikwama popita kutchuthi. Pano timakambirana zidindo ndi mbiri, kugulitsana ayi.

Wa ku Chipata · Lamlungu 12:12

Zikomo a mkulu. Ine funso langa lili pa kamuvi kamene mukunenaka. Pa beneti imene atate anasunga pali kachizindikiro ngati phazi la nkhuku, ndipo pali tiwiri toyang'anizana nsonga. Palembedwanso 1907 ndi Sanderson. Ndiye kuti inapangidwa mu 1907?

Mphunzitsi Wopuma, Zomba · Lamlungu 13:05

Phazi la nkhukulo ndiye kamuvi ka boma la Britain, kusonyeza kuti katundu ndi wa mfumu. Tikakhala tiwiri togundana nsonga ndiye kuti boma linagulitsa, si katundu wake tsopano. 1907 si chaka chopangidwa, ndi dzina la mtundu wa benetiyo. Chaka chenicheni chili pansi pake, timanambala tiwiri, mwezi ndi chaka, monga 5 ndi 17. Sanderson ndi osula zitsulo a ku Sheffield. Ena amene ankapanga ndi Wilkinson, Chapman, Mole ndi Vickers. Pakani choko pa zilembozo n'kupukuta ndi chala, kenako muunike ndi tochi chammbali, ziwerengeka.

Zidindo zimathandizanso kugwira zabodza. Kumalire a Pakistan ndi Afghanistan amisiri akhala akusula mfuti zotengera Enfield pamanja, zidindo n'kukopera. Mupeza N wa ENFIELD watembenuka, kapena chisoti chachifumu ndi VR pamwamba pa chaka ngati 1915, chonsecho Mfumukazi Victoria inamwalira mu 1901.

Mdzukulu wa Keyala, Leeds · Lamlungu 14:20

Aphunzitsi, nanga kachitsulo kanga kamkuwa ka KAR? Palibe amene wakatchula. Ndafufuza pa thako lonse sindikuona pamene kangalowe.

Madala a ku Benoni · Lamlungu 14:52

Ndimazengereza dala mwana wanga, chifukwa ndikudziwa kuti mtima wanu uli pamenepo. Simukupeza malo ake chifukwa No.4 za nkhondo sizinkakhala ndi kachitsulo kameneko. N'ka SMLE, mfuti yakale ija, kamalowa m'kabowo kumanja kwa thako ndi sikuluwu imodzi. Ndiye ndi mfuti yanu sikagwirizana.

Ngati n'kenikeni kapena ayi, kachitsulo kali pakokha n'kovuta kukaikira umboni. Topanda zilembo timagulitsidwa motchipa, ndipo zitsulo zodindira zilembo aliyense atha kugula. Kenikeni kawirikawiri kamakhala ndi nambala ya bataliyoni ndi nambala ya mfuti m'nyumba yosungira zida, ndipo zilembo zimakhala zitatha mofanana ndi mkuwa wonse, m'kati mwake muli litsiro lakale. Ngati m'mphepete mwa zilembo muli mwakuthwa, mukunyezimira, pamene kwina konse n'kwakuda, dziwani kuti zadindidwa posachedwa.

Mdzukulu wa Keyala, Leeds · Lamlungu 15:40

Ndayang'ana ndi galasi. Palembedwa KAR basi, palibe nambala, ndipo m'zilembomo mukuwala. Zandipweteka, chifukwa n'kamene kanandichititsa kugula zonsezi.

Nachisale wa ku Glasgow · Lamlungu 15:49

Pepani achimwene. Bwererani nako kwa wogulitsayo mukamuuze mwaulemu, mwina nayenso anagula osadziwa. Koma chithunzi cha agogo muli nacho? Chimenecho ndiye umboni woposa mkuwa.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba · Lamlungu 16:33

Achemwali anena mawu. Chithunzi chingatiuze mtundu wa mfuti imene anagwira, ngakhale chitakhala chofufutika. Yang'anani kukamwa kwa mfuti. SMLE thabwa lake limafika mpaka kumapeto ndipo limatsekedwa ndi chitsulo chachikulu, mphuno yake yobuntha, saiti yakumbuyo ili pakati pa mpope. No.4 mpope umatulukira kunja pang'ono, saiti ili kumbuyo pafupi ndi diso, ndipo beneti yake ndi kachitsulo kosongoka ngati msomali.

Musaiwale kumene anyamata athu anadzera. Gulu la 11th East African Division linapita ku Ceylon mu 1943, ndipo mu 1944 linatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu mpaka ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin, m'matope ndi malungo. Munali mabataliyoni a ku Nyasaland, Kenya, Uganda, Tanganyika, ndi anzathu a Northern Rhodesia Regiment. India siinapangepo No.4. Fakitale ya Ishapore kufupi ndi Calcutta inapitiriza kupanga SMLE nkhondo yonse, chimodzimodzi Lithgow ku Australia, n'chifukwa chake kumbali imeneyo ya dziko SMLE inali ponseponse.

Ndikadutsa pa chipilala cha Keyala kuno ku Zomba ndimaganiza kuti mayina a mafakitale tikuwadziwa mpaka nambala zake zobisika, koma nkhani za amene ananyamula mfutizo zikutha ndi maliro. Ngati kumudzi kudakali wina amene anamva agogo akusimba, mujambuleni mawu chaka chino.

Mdzukulu wa Keyala, Leeds · Lachiwiri 21:18

Pepani ndinasowa, ndimadikira azakhali ku Domasi. Chithunzi achipeza m'sutikesi ya malemu, mwana wawo wachijambula ndi foni n'kunditumizira. Agogo aima ndi anzawo awiri, chipewa chopinda mbali imodzi, mfuti aigwira chotsamiritsa pansi. Ndakulitsa mpaka pomaliza. Mphuno yake ndi yobuntha, thabwa lafika kumapeto, mpope sukuoneka kutuluka. Ndi SMLE. Mfuti imene ndagula si mtundu umene anagwira pa chithunzichi.

Ndakhala ndikuchiyang'ana kuyambira madzulo. Sindinawaonepo ali mnyamata chonchi.

Madala a ku Benoni · Lachiwiri 21:47

Ndiye tsopano mukudziwa chofuna. Pa SMLE musayang'ane kumanzere ngati pa No.4. Kwezani chigwiriro cha bolt, pansi pake kumanja pa chitsulo cholumikiza thako mupeza chisoti chachifumu, dzina la fakitale, chaka, ndi mtundu. ENFIELD, BSA Co ndi LSA Co ndi za ku England. GRI ndi Ishapore nthawi ya Angelezi, RFI ndi Ishapore yomweyo India atalandira ufulu, ndiye ya RFI ya m'ma 1950 siingakhale ya nthawi ya agogo. MA kapena kanyenyezi kokhala ndi A m'kati ndi Lithgow. Mukaona DP musadabwe, ndi imene inatsitsidwa kukhala yophunzitsira perete basi. Ndipo magazini ikakhala yamakona osati yopendekera, imeneyo ndi 2A ya m'ma 1960 ya zipolopolo zina, isiyeni.

Savage ija musaitaye mtima, ndipo musaisinthe kanthu.

Mdzukulu wa Keyala, Leeds · Lachiwiri 22:09

Sindiisintha madala. Thabwa la S ndi saiti yaing'ono ndazikulunga padera, ndalemba pakapepala zonse mwandiuzazi n'kuika pamodzi ndi satifiketi. Kamkuwa ndikabweza Loweruka. Azakhali akuti kuseri kwa chithunzi kuli zolemba za pensulo zimene sakutha kuwerenga, ndawapempha ajambulenso mawa kukawala.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba · Lachiwiri 22:16

Auzeni asafufute kapena kudetsa ndi cholembera. Domasi si patali, Lachinayi ndikhoza kukwera minibasi ndi galasi langa ndikawerenge ndekha, ngati azakhali angalole.